Maliro Amene Namzeze Adaiwala Kupepesa

Padangokhala, kalekale, ana a anthu asanadziwe kupanga legeni, mbalame zidali ndi bwalo lawo ndi mafumu awo. Mfumukazi idali Nkhwazi. Nduna yaikulu idali Khwangwala, uja amavala kolala yoyera ngakhale tsiku lopanda mlandu.

Mbalamezo zidali pawiri. Zina zinkakhala pamudzi chaka chonse, pa dzuwa ndi pa njala pomwe. Zina zinkanyamuka mvula ikangotha, n'kuwoloka nyanja zikuluzikulu kupita kumaiko akutali, ndipo zinkabwerera ngumbi zikatsala pang'ono kutuluka.

Chaka china chilimwe chidawawa kwambiri, ndipo ambiri mwa otsala pamudzi adamwalira. Apaulendo atangofika, Khwangwala adaitanitsa bwalo.

"Wawa mfumukazi," adatero Khwangwala, "taonani alendo athu a chaka ndi chaka. Ngumbi zikayandikira, iwo ndi eni mudzi. Njala ikafika, ali paulendo. Ife tinatsala pano kukumba manda, iwo abwera onenepa, akulankhulira m'mphuno. Ine ndikuti malo awo agawidwe kwa amene amasunga mudzi."

Bwalo lidavomera ndi phokoso. Kunena zoona, mlandu wa Khwangwala sudali wopanda mutu, pakuti wokumba manda ndiye amadziwa kuuma kwa nthaka. Komanso apaulendo sankapita kukasewera. Nyanja zija zinkameza ambiri, ndipo onse akadakhala pamudzi m'chilimwe, chakudya chikadatha msanga kuposa momwe chidathera.

Woyamba kuyankha adali Dokowe, wamtali, wa miyendo yofiira, amene kunja ankakhala pamwamba pa nyumba za anthu. Adalankhula chiimire.

"Kumene ndachokera ine, mlandu wotere sutenga ngakhale m'mawa umodzi."

"Bwererani komweko!" idakuwa Nkhanga, ndipo bwalo lonse lidamuwowoza. Dokowe adachoka, kukaima yekha kudambo.

Pamenepo padatsika kambalame kakang'ono, ka mchira wa mphanda, dzina lake Namzeze. Namzeze adali ndi mayi ake okalamba amene phiko lawo lidavulala powoloka nyanja ulendo umenewu, moti sakadathanso kuyenda ulendo wautali. Malo awo adali pakhonde la thanthwe, pomwe makolo awo ankatera kuyambira kale. Malowo akadalandidwa, mayiwo akadasowa pokhala, ndipo kuthawira kunja sakadatha.

Namzeze adakhala pansi, nawomba mapiko mwaulemu.

"Wawa mfumukazi, nduna yanena zoona, koma theka lake."

"Theka linalo?" idafunsa Nkhwazi.

"Sitibwera ndi mimba zokha. Timabweranso ndi zimene taona."

"Zili kuti? Ine ndikuona mapazi opanda kanthu."

"Wowoloka nyanja sanyamula mtolo, wawa, amanyamula m'mutu. Kumene ndinali ndaphunzira kumanga nyumba ya dothi, yosadontha, yosapsa ndi lupsa, yosagwedezeka ndi mphepo."

Tchete, mkulu wa oluka zisa, adaseka mpaka nthambi yake idagwedera. "Dothi n'lopondapo, mwana iwe, osati logonamo!"

Koma Nkhwazi sidaseke. "Ndikupatsa maulendo atatu," idatero. "Nyumbayo ikaima pa dzuwa ndi pa mvula, malo ako akhala, ndi a anzako omwe. Ikagwa katatu, iwe ndi mayi ako muchoke pathanthwe."

"Ndipo mbalame ya pamudzi pano isamuthandize ngakhale kachitsotso," adawonjezera Khwangwala. "Akuti nzeru ndi zake, ntchitonso ikhale yake."

M'mawa mwake Namzeze adayamba. Adatenga matope a kumtsinje, mlomo umodzi umodzi, n'kumamata pakhonde la thanthwe monga ankachitira kunja. Pogwira ntchito ankaimba nyimbo ya amisiri a kumeneko. Idali nyimbo yaifupi, ya maimbidwe achilendo, yokwera kumapeto ngati funso. Mawu ake adawatembenuzira m'chilankhulo cha kwawo, ndipo ankanena kuti mlomo umodzi umanyamula pang'ono, koma wopita ndi kubwera osatopa amamaliza khoma.

Nyumba itatha, bwalo lidasonkhana dzuwa lili paliwombo. Idali yokongola, yozungulira ngati mphika. Koma akuyang'ana chomwecho, mng'alu udayamba pamwamba, n'kutsika, n'kubala ana. Nyumba yonse idangoti gumu, fumbi kobo.

"Imodzi!" adawerenga Khwangwala.

Namzeze adakakhala pafupi ndi mayi ake, mutu uli pansi.

"Matope a mtsinje wathu ndi mchenga wovala chikopa cha matope," adatero mayiwo. "Aliyense kuno amadziwa zimenezo."

"Nanga bwanji simunandiuze, amayi?"

"Unandifunsa? Unafika mutu utadzaza nzeru, funso linasowa pokhala. Tandiuza, chifikireni wapepesa maliro angati?"

"Amayi, masiku anga ndi owerengeka."

"Onse amene anamwalira aja masiku awo analinso owerengeka."

Pamudzipo padali mwambo wakale. Amene sadalipo pa maliro, akabwera ankayenda khomo ndi khomo, n'kukhala pansi, n'kumva momwe matenda adayambira mpaka momwe adathera, kenako n'kusiya kachipepeso. Asanatero, ankalandira moni wa pakamwa pokha, ndipo palibe amene ankamuuza kanthu kothandiza. Mwambowo udalinso ndi malamulo awiri: wodzapepesa maliro sabwezedwa pakhomo, ndipo chipepeso sichikanidwa.

Namzeze atakumbukira malamulo awiriwo, maso ake adawala.

"Amayi, ndani amamanga ndi dothi kuno, osagwa?"

"Make Chiswe, mwini chulu. Amuna awo anamwalira m'chilimwemu. Koma mwana wanga, usaiwale kuti ana awo ndi ndiwo zako."

Namzeze adapita ndithu. Asilikali a pachulu atamuona adatseka khomo, mano ali panja.

"Odi kuno! Ndabwera kudzapepesa maliro."

Asilikali adayang'anana. Mwambo ndi mwambo, ndipo adatsegula.

Make Chiswe adali gone m'chipinda chawo, onenepa osatha kutembenuka. "Wabwera kudzapepesa," adafunsa, "kapena kudzawerenga otsala?"

"Lero ndabwera ndi pakamwa potseka, mayi. Pepani ndi zovuta zinakugwerani. Ine kunalibe. Zinayamba bwanji?"

Make Chiswe adayamba kufotokoza, ndipo sadafupikitse. Poyamba Namzeze ankamva ndi khutu limodzi, maso ali pa makoma. Koma atafika pa tsiku lomwe antchito adakumba pansi kufuna madzi a wodwala n'kubwera ndi dothi louma, misozi ya Namzeze idagwa yeniyeni.

"M'manja ndilibe kanthu," adatero nkhani itatha. "Koma ndaona khoma lanu lagumuka mbali ya kum'mawa. Chipepeso changa chikhale mlomo wangawu. Ndiloleni ndimate nawo."

Chipepeso sichikanidwa. Tsiku lonselo Namzeze adagwira ntchito pakati pa antchito a pachulu. Adaona kuti satenga dothi la pamwamba, koma lofiira la pansi penipeni. Adaona momwe amalikandira ndi malovu, ndiponso kuti samata lina loyambalo lisanagwire. Khoma litatha, padatsala mulu wa dothi.

"Lotsalali mumatani nalo, mayi?"

"Timataya."

"Ndikutayireni."

Make Chiswe adaseka mpaka thupi lonse lidanjenjemera. "Iwe ndiwe mbala yaulemu. Koma walira nane, ndipo mtundu wako sunalirepo nane. Tenga. Ndikupempha chimodzi chokha. Tsiku loyamba ana anga akamauluka, mtundu wako utseke pakamwa mpaka dzuwa lipendeke."

"Ndalonjeza," adatero Namzeze.

Adamanganso, akuimba nyimbo yake ija ya mlomo umodzi wonyamula pang'ono. Ana a Nkhanga adayamba kuiimba mobisa, amayi awo akayang'ana kumbali. Bwalo lidasonkhananso dzuwa lili paliwombo. Dzuwa lidawomba, nyumba osang'aluka. Tchete adaigogoda ndi mlomo, ndipo idalira ngati mtsuko wowotcha bwino. Palibe amene adaseka.

Koma masana omwewo kudagwa mvula ya mphepo, yolowa mpaka pakhonde. Khoma lidamwa madzi, n'kufufuma, ndipo chibenthu chachikulu chidasomphoka n'kugwa pansi, china n'kutsatira.

"Ziwiri!" adatero Khwangwala, akudzikunkumula madzi.

Namzeze adatola chibenthu chimodzi n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, ndaona chimene ndinaiwala. Kunja kuja tinkatenga matope pakhomo pa makola a akavalo. M'matopemo munali kale udzu ndi ubweya, ndipo akavalo anali ataponda kale. Ine ndinkayesa nzeru yonse ili m'mutu mwanga, koma ina inali m'mapazi a akavalo."

"Kuno akavalo kulibe."

"Ndikufuna udzu wong'amba bwino, ndi wina wa mapazi aakulu."

"Udzu wotero uli ndi Tchete yekha," adatero mayiwo, akudzikanda. "Tchete anataya mlongo wake."

Namzeze atafika kwa Tchete, mwini khomo adayang'ana uku ndi uku mwamantha. "Ndaletsedwa kukuthandiza, ukudziwa."

"Sindinabwere kudzapempha, achimwene. Ndamva za achemwali anu. Pepani. Ine kunalibe."

Tchete adakhala pansi, nayamba kufotokoza. Adanena za mlongo wakeyo, kenako za ena onse amene adawaona akufooka m'chilimwe, chifukwa mtengo wake udali pa njira ya kumadzi. Nkhani ili mkati, kumwamba kudamveka mawu a mkazi wake, amene ankayendera chisa chatsopano chimene Tchete adaluka.

"Bambo a kuno! Ichi ndi chisa kapena chitete cha nkhuku? Ine ndiikire mazira muno?"

Mkaziyo adadula mfundo, ndipo chisa chidagwa pa mulu wa zinzake.

"Chachisanu ndi chiwiri chimenecho," adausa moyo Tchete.

"Achimwene," adatero Namzeze, "pakhomo la namfedwa sipayenera kukhala zinyalala chonchi. Chipepeso changa, ndisese."

Tchete adamuyang'ana, nayang'ana mulu wa udzu wofewa uja, ndipo kumlomo kwake kudaoneka kaphwete. "Sesa, mlongo. Ine sindinakupatse kanthu." Kenako adatembenukira kumbali ngati akulankhula ndi tsamba. "Udzu umagwira ukaupingasa, osati kuugoneka mbali imodzi. Ndikungodzilankhulira ndekha."

Namzeze akutuluka ndi udzu kukamwa, adakumana ndi Khwangwala.

"Wakupatsa udzu ndani?"

"Ndikusesa pakhomo la namfedwa, nduna. Mukalamula kuti ndibwezere zinyalalazi pomwepo, ndibwezera, koma mukanene nokha kwa mayi a pakhomopo."

Khwangwala ankawadziwa mayi a pakhomopo. Adatsokomola, nauluka.

Namzeze adatuta udzu wonse ndi dothi la pachulu, n'kukataya m'kathawale kosaya kudambo, pafupi ndi pomwe Dokowe ankaima ndi mwendo umodzi chichokereni pabwalo. Kupempha Dokowe kuti aponde matope kudali kutaya nthawi, poti ankadziona ngati mbalame ya pamwamba pa nyumba. Koma Namzeze adali atamva kanthu m'nkhani ya Tchete. Bambo a Dokowe, amene adatsala pamudzi chifukwa cha ukalamba, adali mmodzi wa omwalira. Dokowe adafika n'kupeza malo awo ali zii. Popeza iye sadapepese aliyense, palibenso amene adabwera kwa iye.

Namzeze adatera patsogolo pake, nakhala pansi.

"Achimwene, ndabwera kudzapepesa maliro a bambo."

Dokowe adatsitsa mwendo pang'onopang'ono. "Ndiwe woyamba," adatero. "Koma ndikuuza chiyani? Momwe zinayambira sindikudziwa. Inenso kunalibe."

"Ndiye lero mlendo ndiye afotokoze."

Namzeze adamuuza zonse zimene adamva kwa Tchete: momwe nkhalambayo inkayendera kupita kumadzi m'mawa uliwonse, momwe inkagawira ana a ena tiziwala tomwe yapeza, ndi momwe inkayang'anira kumpoto madzulo. Dokowe adabisa mutu m'phiko.

"Ananenanso mawu," adapitiriza Namzeze. "Anati, mwana wanga akadzabwera asadzangoima. Adzandivinire gule uja ndinamuphunzitsa ali mwana."

Ngati nkhalambayo idanenadi mawu amenewo, amene akudziwa ndi Tchete ndi Namzeze. Ena amati adawapeka. Ena amati bambo aliyense akadanena zomwezo.

"Ndivine popanda ng'oma?" adafunsa Dokowe.

"Ng'oma ndi mlomo wanuwo. Ine ndiimba. Tabwerani apa pofewa, mapazi angapweteke."

Namzeze adayamba nyimbo yake ija, koma mwapang'onopang'ono, ngati ya pamaliro. Dokowe adalowa m'kathawale. Adakweza mwendo, natsitsa, nakweza unzake. Adaponya mutu kumsana, mlomo ukulira ngati timitengo tiwiri togundana. Adavina mozungulira, mapiko atatambasuka, misozi ikugwera m'matope, ndipo mbalame zimene zinkadutsa zidaima duu, poti sizidaonepo chisoni chovinidwa chomwecho. Adavina mpaka mpweya udamuthera.

Ataima adayang'ana pansi. Dothi ndi udzu zidali zitasakanikirana, zosalala, zomata.

"Wandipondetsa matope, mlongo."

"Mtima wapepuka, achimwene?"

Dokowe adapinda mapiko. "Wapepuka."

"Ndiye palibe waluza."

Tsiku lomwelo achule adalengeza kuti mvula yaikulu, ija imazula mitengo, ifika tsiku lachitatu kuchokera tsikulo. Khwangwala adathamangira kubwalo.

"Mvula imeneyo ndiyo iweruze. Ikapeza nyumba yosatha, ulendo wachitatu wapita."

Nkhwazi idavomera, poti mvula sidikira mmisiri. Aliyense adadziwa tanthauzo lake. Nyumba inkatenga masiku ambiri kwa mlomo umodzi, ndipo inkafunika tsiku lathunthu kuti iume. Namzeze adali ndi tsiku limodzi lokha lomangira.

M'mawa mwake mbalame zidabwera kudzaona momwe athamangire. Zidamupeza atakhala pamwamba pa thanthwe, osanyamula kanthu, akuimba.

"Mwana wanga, wapenga?" adafunsa mayi ake.

Namzeze adapitiriza kuimba. Ankaimba nyimbo yomwe ija, koma tsopano m'mawu ake enieni achilendo, monga amaiimbira kumakola a akavalo, mokweza, nkhope italoza kumwamba. Ankadziwa chinthu chimene wokhala pamudzi sakadachidziwa. Anamzeze a maiko ena, amene adamanga nawo limodzi zaka zambiri, ankadutsa pamwamba pa mudziwo chaka chilichonse popita kummwera, patali poti diso silifika. Ankadziwa masiku awo, ndipo ankadziwa wowatsogolera, nkhalamba ina imene nyumba yake idagwa chaka china ana ali momwemo, Namzeze n'kusiya yake kukathandiza kuimanganso.

Adaimba mpaka mawu adayamba kusasa. Khwangwala adayasamula.

"Nyimbo simata khoma," adatero.

Asanatseke pakamwa, kumwamba kudamveka yankho. Lidali laling'ono, ngati kulira kwa udzudzu. Kenako kudaoneka kadontho. Kadonthoko kadasanduka madontho, madontho adasanduka mtambo, ndipo dzuwa lidabisika. Nkhanga zidathawira m'tchire kuyesa ndi akabawi. Mkokomo wa mapiko udatsika ngati mphepo ya mkuntho, ndipo m'kati mwa mkokomowo munkamveka nyimbo ija, yoimbidwa ndi makosi osawerengeka, ikukwera kumapeto ngati funso, ena n'kuiyankha.

Nkhalamba yotsogolera idatera pafupi ndi Namzeze. Adagundanitsa milomo, nalankhulana mawu ochepa amene palibe wa pamudzi adawamva. Nkhalambayo idalira kamodzi, ndipo mtambo wonse udapendekera kudambo.

Zimene zidachitika pamenepo, amene adaziona ankazisimba mpaka kukalamba. Kuchokera pakathawale mpaka pathanthwe padakhala ngati chingwe chakuda chosaduka, mbali ina chikupita, mbali ina chikubwera. Aliyense ankanyamula mlomo umodzi wokha. Palibe amene adagunda mnzake. Namzeze ankaima pakhoma akuwongolera, akuonetsa kuti udzu upingase monga adanenera Tchete, ndiponso kuti mzere usakwere unzake usanagwire, monga amachitira pachulu. Khoma linkakula maso akuona, ngati bowa.

"Wawa, uku n'kuphwanya lamulo!" adakuwa Khwangwala.

"Unaletsa a pamudzi pano," idayankha Nkhwazi, maso osachoka kumwamba. "Kodi awa unawaonapo pa bwalo lako? Khala chete, nduna, ndione."

Dzuwa lisanafike paliwombo, nyumba idatha. Alendo aja adatera m'mitengo, otopa, anjala, poti adali atauluka masiku ambiri. Ndipo nthawi yomweyo chulu chidatseguka. Ngumbi zoyamba za chaka zidayamba kutuluka, zonona, zochuluka ngati utsi.

Mitengo yonse idagwedezeka, mapiko atakonzeka.

Namzeze adakumbukira lonjezo lake kwa Make Chiswe. Adaulukira kwa nkhalamba ija, nagwada, nalankhula mofulumira, akuloza chulu, akuloza khoma, akuloza dzuwa. Nkhalambayo idayang'ana ngumbi, idayang'ana gulu lake lanjala, kenako idalira kawiri.

Palibe ndi mmodzi yemwe amene adanyamuka. Ngumbi zinkakwera pakati pa nthambi, zina kugunda milomo yotseka, zina kutera pamitu ya alendowo. Pamudzi padangoti zii, kumveka mapiko a ngumbi okha. Ngakhale mbalame za pamudzi, zimene sizidalonjeze kanthu, zidachita manyazi kutsegula pakamwa.

"Ndaona madzi akusefukira, ndaona moto ukudumpha mtsinje," idanong'ona Nkhwazi, "koma njala yomvera mawu a kambalame kamodzi sindinaionepo."

Dzuwa litapendeka, alendo adadya zotsalira, naimba nyimbo ija komaliza, n'kukwera kumwamba mpaka kusanduka kadontho.

Tsiku lotsatira nyumba idauma. Tsiku linzakelo mitambo idada kuyambira m'mawa, ndipo bwalo lidasonkhana.

"Nyumba yopanda wokhalamo siyesedwa," adatero Khwangwala.

"Ndilowamo ine," adatero mayi ake a Namzeze.

"Amayi, ayi! Ziwiri zija zinagwa."

"Ikagwa iyi, ndilibenso kopita. Kuli bwino indigwere kusiyana n'kuti ndiionere patali." Adakwera movutikira ndi phiko lawo lovulala, nalowa pa kakhomo.

Mvula idafika. Mphepo idathyola nthambi, zisa za udzu zidauluka ngati masamba, ndipo madzi adamenya khoma la dothi mopingasa, monga adachitira tsiku lija. Namzeze adakakamira pamwala moyang'anana ndi nyumbayo, osabisala, maso ali pakhoma. Mphezi ikang'anima ankaona kuti ilipo. Ikang'animanso, ilipobe.

Mvula itakata, mbalame zidatuluka zonyowa, nthenga zitamatirira. Nyumba idali chiimire, yopanda ngakhale mng'alu. Koma m'katimo mudali chete.

"Amayi!" adaitana Namzeze. "Amayi!"

Padapita kanthawi. Kenako pa kakhomo padatuluka mutu, maso ali tulo.

"Phokoso n'lachiyani? Mvula munkanena ija yabwera kapena ayi?"

Nkhwazi idatsika pampando wake, chinthu chimene sinkachita, n'kukhudza nthenga za mayiwo ndi mlomo. Zidali zouma gwa. Idagogoda khoma, ndipo lidalira bwino lomwe.

"Tandiuza, mwana iwe," idatero, "nyumba iyi ndi ya kuno kapena ya kunja?"

"Dothi ndi la Make Chiswe, wawa. Udzu ndi wa achimwene a Tchete. Mapazi ndi a Dokowe. Milomo ndi ya anzanga a kutali. Changa ndi kamangidwe, ndi kudziwa makomo awo."

"Malo ndi ako, ndi a anzako omwe. Palibe adzachotse mayi ako pathanthwe ili. Pempha china."

Namzeze adawomba mapiko. "Wawa, ndisanapemphe kanthu, pali khomo limodzi limene sindinafikepo."

Adayenda pansi, osauluka, mpaka pomwe padaima Khwangwala, kolala yake ili thope lokhalokha. Mbalame zidaganiza kuti akukamunyoza. Khwangwala nayenso adaganiza chomwecho, ndipo adakweza mutu kukonzekera. Koma Namzeze adakhala pansi.

"Nduna, ndamva kuti chilimwe chinakutengerani ana awiri. Ndinayenera kuyambira kwa inu, koma ndinkakuopani. Pepani. Ine kunalibe. Zinayamba bwanji?"

Khwangwala adatsitsa mutu uja adaukweza. Adayang'ana kumbali.

"Wamkuluyo," adatero potsiriza, "ankakonda kuonerera inu mukamanyamuka. Ankati akadzakula adzapita nawo."

Nduna idakhala pansi m'matope momwemo, n'kuyamba kufotokoza kuyambira pachiyambi. Dokowe adabwera, napinda miyendo yake yaitali, nakhala pambali pa Namzeze. Apaulendo ena onse adatsatira, mmodzi mmodzi, ndipo palibe amene adanyamuka mpaka nkhani idatha.

Chaka chimenecho pakhonde la thanthwe padamangidwa nyumba zambiri, ndipo ina idali nkhokwe yosungiramo mbewu za m'chilimwe, imene woyang'anira wake adali Khwangwala. Pa za Namzeze, mbalame sizidagwirizane mpaka lero. Zina zimati ankapepesa maliro pofuna dothi ndi udzu. Zina zimati misozi yake idali yeniyeni. Make Chiswe atafunsidwa adati khoma lolimba limafuna dothi ndi udzu womwe, ndipo iwo sadaonepo chifukwa chozisiyanitsira.

Nthano yanga yauma pamenepa. Amene adakwirira mbatata paphulusa akaione, ingapserere.